Ngongole Ikatha, Khomo Lake Lisiyidwe Lotsegula Kodi?

Mwana wa mlongo wanga, amene agwira ntchito ya ukalaliki ku Limbe, anafika kwathu ku Namitambo Loweruka lina m'mwezi wa June, chiperoni chikuwomba kuchokera cha ku Mulanje, ndipo titalonjerana, iye atapereka kaphukusi ka shuga ndi sopo kwa mayi ake monga achitira ana oleredwa bwino, anakhala nane pakhonde, natulutsa m'chikwama kakhadi kapulasitiki, nakaika pamphasa pakati pa ife awiri, nati: "Malume, ngongole ija ya pakhadi ndamaliza dzulo, sipanatsale ngakhale tambala. Koma a kubanki akuti khadili ndisalibweze, ndilisunge, pakuti tsiku lina lidzandiombola. Inu mukuti bwanji?" Sindinamuyankhe pomwepo, chifukwa nkhope yake inali kuwala ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni atayenda nawo mtunda wautali, ndipo sikuyenera kumsenzetsa munthu wotere mawu olemera asanapume. Ndinati tiyambe tadya. Zimene ndinamuuza madzulo a tsikulo, moto wa zitsononkho ukunyeka pakati pathu, ndizo ndifuna kuziyala pano, pakuti ndaona kuti funso lakelo lafika pamakomo ambiri m'dziko muno, ngakhale pamakomo pamene khadi lotere silinaonekepo.

Ndiyambe ndafotokoza chinthucho, popeza ambiri a ife tidziwa khadi limodzi lokha, lija la pa ATM. Khadi la pa ATM likupatsani zanu zomwe, zimene munaika nokha, ndipo zikatha makina akukanizani poyera. Khadi la ngongole likupatsani za banki, kufikira malire amene banki inakuikirani, ndipo mukabweza malirewo adzazanso, monga chitsime cha m'dambo chimene mutungapo madzulo, m'mawa n'kuchipeza chadzaza mpaka m'milomo. Wobweza zonse pa tsiku loikika salipira chiwongoladzanja pa zimene anagula, koma wobweza pang'ono chabe, zotsalazo zibereka mwezi ndi mwezi, ndipo kawirikawiri palinso kandalama kolipira chaka chilichonse chifukwa chongokhala nalo khadilo, mwaligwiritsa ntchito kapena ayi. Makhadi otere anayamba kufala ku America kuyambira mu 1950, pamene kampani ya Diners Club inatulutsa lake ku New York, ndipo kwathu kuno mabanki ena a m'tauni amawapereka kwa anthu a malipiro okhazikika. Abale athu a ku Joni awadziwa bwino koposa ife, pakuti kumeneko ngakhale masitolo a zovala ali ndi maakaunti awo otengera katundu pa ngongole.

Tsono wina anganene kuti nkhaniyi nja anthu a mataye, siikhudza mlimi wa nandolo kapena mayi wogulitsa tomato pamsika wa Namitambo. Iyayi, iwakhudza ndithu. Mayi amene wamaliza kubweza ku bungwe lobwereketsa ndalama, tsiku lomwelo alangizi a bungwelo amuuza kuti tsopano wayenera kutenga zochuluka kuposa zoyamba. Mnyamata wa kabaza amene wabweza ya pafoni, uthenga ufika usiku womwewo wakuti malire ake akwera. Amene titapa mayunitsi, kaya ndi Kutapa kaya ndi Pasavute, tidziwa kuti ukangobweza njira ili chitsegukire. Ndipo ngakhale mwini golosale wa m'mudzi, amene ali ndi kope lake lolembamo mayina, ukafafanizitsa dzina lako amati, "Musaope, mukasowa mudzabwere." Onsewa aima pamene anaima mwana wa mlongo wanga, ndipo ayenera kusankha chochita ndi khomo limene ngongole inalowera.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena mosabisa: khomo limene likupatsani ngongole mosakufunsani chifukwa, mosakudikiritsani ngakhale usiku umodzi, litsekeni mukangomaliza kubweza, koma dzina lanu labwino, limene mwaligula ndi thukuta la miyezi yonse ija, ndi ubale wanu ndi malo osungirako ndalama, zimenezo zisungeni monga musungira mbewu. Anthu ambiri asokoneza ziwirizi, nayesa kuti kutseka khomo ndiko kutaya dzina, ndipo okongoza sachita changu kuwamasulira kusiyana kwake.

Amene amalangiza kusunga khadi ali ndi mfundo, ndipo ndiyenera kuilemekeza ndisanaitsutse. Uphungu umenewu unachokera kumaiko kumene munthu aliyense ali ndi nambala yoyeza kukhulupirika kwake pa ngongole, monga ija ya FICO ku America, imene iwerengera zaka zimene munthu wakhala ndi makhadi ake, niwerengeranso gawo la malire ake limene wagwiritsa ntchito. Kumeneko wotseka khadi lakale akhoza kutsitsa nambala yake, ndipo nambala ikatsika, nyumba ndi galimoto za pa ngongole zimkwerera mtengo, ngakhale eni nyumba za lendi ena amayang'ana nambala yomweyo. Kwa iwo uphunguwo uli ndi mutu. Koma nsapato yosokedwera phazi la mnzako, ngakhale ikongole chotani, idzakutupitsa zala. Kuno kwathu lamulo lokhazikitsa mabungwe osunga mbiri ya okongola linadza mu 2010, nilikonzedwanso mu 2016 kuti mabanki azipereka mbiriyo, ndipo mabungwe monga Credit Data amagwira ntchitoyi ndi chilolezo cha Reserve Bank ya Malawi. Chiphaso cha unzika chimene tinalembetsa mu 2017 chinachititsa kuti munthu asathenso kukongola kuno ndi dzina lina, uko ndi dzina lina. Chimene wokongoza wa kuno afuna kudziwa n'chakuti, kodi munthu uyu anakongolapo, ndipo anabweza pa nthawi yake? Yankho la funso limenelo linalembedwa kale tsiku limene munamaliza kubweza, ndipo silifafanizika chifukwa chakuti mwabweza kapulasitiki kwa mwini wake. Munthu amene alipira ndalama chaka ndi chaka kuti asunge khadi limene saligwiritsa ntchito, poopa kuti dzina lake lingatayike, akugula chinthu chimene ali nacho kale.

Mfundo yachiwiri ya osunga khadi ndiyo yolemera, ndipo ndiyo inamugwira mtima mwana wa mlongo wanga. Anati, "Nanga malume, mayi akadwala usiku, kufunika galimoto yopita nawo ku Nguludi kapena ku Queens, ndidzagwira mtengo wanji?" Funso ili si lachibwana. Ife a ku Chiradzulu taona tsoka likudza osagogoda. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri, nakokolola midzi ndi minda m'boma lathu lino, ndipo anthu amene anagona ali ndi nkhokwe anadzuka alibe ngakhale chikho. Munthu amene anaona zimenezo sangaseke mnzake wofuna pothawira. Koma tiyeni tiyang'anitsitse pothawirapo. Ngongole ya pa tsiku la tsoka ithandiza tsiku lomwelo, inde, koma ibwezedwa m'miyezi yotsatira, imene ili miyezi yomweyo imene munthu ali wofooka koposa, munda utapita, geni itaima, wodwala akufunabe mankhwala. Ndinaona ndi maso anga, m'miyezi ya pambuyo pa namondweyo, kuti amene anadzuka msanga ndi aja anali ndi kanthu kawokawo, mbuzi imene inapulumuka, masheya a ku banki mkhonde, kandalama ka pafoni kamene madzi sakanatha kukakokolola. Ndipo amene anali ndi ngongole tsokalo lisanadze, anali kumanga nyumba ndi dzanja limodzi, linalo likubweza. Chotero pothawira penipeni ndi ndalama yosunga, ngakhale ikhale yochepa, ndipo munthu amene wangomaliza ngongole ndiye ali ndi mwayi woisunga kuposa wina aliyense, pakuti wazolowera kale kukhala wopanda gawo lija la malipiro limene linali kupita kubanki. Miyezi yonse yobweza ija anakhala moyo popanda ndalamayo. Akapitiriza kuipatula miyezi ina isanu ndi umodzi, naiika pa dzina lake, adzakhala atadzikumbira yekha chitsime chimene sichilipiritsa wotunga.

Ndinena izi monga munthu amene anapsapo. Pamene ndinali kuphunzitsa, ndinakongola ku kampani ina ya zobwereketsa ndalama kuti ndigule malata a nyumba ino imene ndikhalamo, ndipo anali kudula pa malipiro ndisanawaone. Ngongoleyo inali yoyenera, ndipo malatawo alipo mpaka lero. Koma itatsala miyezi itatu kuti ithe, anandiimbira ndi mawu aulemu, nati popeza ndine wokhulupirika akhoza kundiwonjezera zina, yakale n'kuimeza m'kati mwa yatsopano, osafunikanso mboni kapena ulendo wa ku ofesi. Panalibe chimene ndinali kusowa kwenikweni mwezi umenewo, koma munthu ukauzidwa kuti ndalama zilipo, zosowa zimabadwa zokha: njinga inaoneka yakutha, wailesi inayamba kulira moipa, fizi ya teremu yamawa inaoneka ngati yafika kale. Ndinavomera. Chaka chotsatira anaimbanso, ndinavomeranso. Ngongole ya malata, imene inayenera kutha m'zaka ziwiri, inandiperekeza zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndikayang'ana kapepala ka malipiro mwezi ukatha, mzere wa zodulidwa unali wautali kuposa wa zotsala. Palibe anandinamiza, zonse zinalembedwa ndipo ndinasaina ndi dzanja langa. Chimene chinandigwetsa n'chakuti njira inali yosalala kwambiri. Mkazi wanga, amene anapirira zaka zimenezo osandinyoza pamaso pa ana, ndiye anandiuza tsiku lina kuti, "Bambo, ulendo uno akaimba muwauze kuti mukafunse kaye kunyumba." Masiku awiri ofunsa kunyumbawo ndiwo anandimasula, pakuti chosowa chimene chinali kuyaka Lolemba chinali chitazirala pofika Lachitatu.

Pamenepa ndipo pagona nkhani yonse. Makolo athu anali kukongola, sikuti ngongole inadza ndi mabanki. Koma wofuna kubwereka thumba la chimanga anayenera kuvala, kuyenda mpaka kwa mwini nkhokwe, kukhala pansi, kulonjera, kufotokoza vuto lake pamaso pa anthu, ndipo kawirikawiri mwini mbumba anali kudziwa. Ulendo umenewo, ndi manyazi ake omwe, unali mpanda wotchinga munthu kuti asakongole mwachisawawa. Khadi ndi foni zagwetsa mpandawo. Munthu akongola ali gone pamphasa pakati pa usiku, mkazi wake ali m'tulo pambali pake, osadziwa kanthu. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo kukoma kwa ngongole ya masiku ano ndiko kufulumira kwakeko.

Tiwerengeko pang'ono, pakuti masamu sakondera. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 pa 100 iliyonse, ndipo mabanki pokongoza anthu wamba amaika chawo pamwamba pa chimenecho. Alipo ophunzira amene amati, popeza Kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, nigwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo mitengo ya zinthu inali kukwera ndi pafupifupi 30 pa 100 pachaka, wanzeru ndi wokongola, chifukwa adzabweza ndalama zopepuka kuposa zimene anatenga. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake kwa munthu amene wakongola pa chiwongoladzanja cha pachaka nagula chinthu chokhalitsa, malata, makina osokera, ng'ombe ya mkaka. Koma ngongole zimene zili pafupi ndi ife siziwerengedwa pachaka. Tiyerekeze kuti mwatenga K50,000 pa 20 pa 100 pamwezi, monga achitira magulu ambiri a m'midzi: mwezi uliwonse mupereka K10,000 ya pamwamba, ndipo mukakhala mukubweza ndi kutenganso chaka chathunthu, mwapereka K120,000 chifukwa cha K50,000 imene sinakhalepo yanu. Palibe kugwa kwa Kwacha kumene kungathamange liwiro limenelo. Za katapila, amene amafuna theka kapena yonse pamwamba mwezi ukatha, sindinena n'komwe. Ndipo malipiro a kalaliki kapena mtengo wa nandolo sizikwera tsiku limene Kwacha yagwa.

Ife a dera lino tiyenera kumva nkhaniyi msanga kuposa ena, chifukwa nthaka imene tipondayi idziwa tanthauzo la mangawa osatha. Makolo a ambiri a ife, Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, anapeza malo m'minda ya azungu monga ya A. L. Bruce ku Magomero, ndipo lendi yake inali thangata, ntchito ya miyezi imene inali kutalikitsidwa monga afunira mwini munda, kotero kuti munthu sanali kufika tsiku lonena kuti ndamaliza, ndine mfulu. M'busa John Chilembwe, amene anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, anadzudzula nkhanza zimenezo, ndipo olemba mbiri amanena kuti iye mwini, m'zaka zake zomaliza, pambuyo pa njala ya 1912 ndi 1913, thandizo la ku America litachepa, anavutika ndi ngongole. Lero nkhope yake ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000, zomwezo zimene tiwerengera okongoza athu. Sindikunena kuti banki ndi thangata, kutero kungakhale kunyoza masautso a makolo athu ndi kunamizira anthu ochita malonda ololedwa ndi lamulo. Wa thangata analibe ufulu wokana, ife tili nawo. Chimene ndinena n'chakuti tsiku lomaliza kubweza ndi chinthu cha mtengo wapatali, chimene agogo athu anachilakalaka osachiona, ndipo sichiyenera kugulitsidwa m'mawa mwake chifukwa cha uthenga wa pafoni. Ngakhale m'chilamulo cha Mose munaikidwa chaka chomasula amangawa, pozindikira kuti mtundu wa anthu amene ngongole zawo zilibe mapeto sungaime.

Achikulire akumbukiranso makalabu a alimi a nthawi ya Kamuzu, pamene feteleza ndi mbewu zinali kudza pa ngongole chaka ndi chaka, kalabu ikabweza yonse n'kulandiranso, ikalephera mmodzi onse n'kumanidwa, ndipo mbuzi ndi zitseko za olephera zinali kutengedwa. Dongosolo limenelo linayenda zaka zambiri, koma chilala cha 1992 chitadza, ndale nazonso zitasintha, linagwa, ndipo mu 1994 m'malo mwake munabwera Malawi Rural Finance Company. Alimi amene ulimi wawo wonse unatsamira pa khomo limenelo anadzidzimuka kupeza kuti khomo limene iwo sanalitseke latsekedwa ndi eni ake. Ichi n'chinthu chimene osunga khadi amaiwala: malire aja si anu. Banki ikhoza kuwatsitsa kapena kuwachotsa ikaona kuti nyengo yaipa kapena ntchito yanu yagwedezeka, ndiye kuti pa nthawi yomweyo imene munawasungira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsono ndifike pa banki mkhonde, pakuti apa mpamene mtima wanga ugawanika, ndipo sindifuna kuti mawu anga amveke ngati ndikupasula chinthu chimene chathandiza amayi athu kuposa mabungwe ambiri a maina akuluakulu. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo kuno yamera ngati kuti ndi mbewu yathu. Gulu la mlongo wanga likumana Lachinayi masana patsinde pa mango. Bokosi la maloko atatu liikidwa pakati, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, mbale yoponyamo masheya ili apo, ina ya thumba la zadzidzidzi ili apo, mlembi adinda m'timabuku, ndipo owerenga ndalama awerenga mokweza kuti aliyense amve. Mu December agawana, ndipo ndalama imeneyo ndiyo igula feteleza wobereketsa ndi yunifolomu ya ana. Chiwongoladzanja chimene munthu apereka kumeneko sichipita ku Blantyre, chibwerera m'manja mwa gulu lomwelo. Khomo ili ndilo ndinena kuti musalitseke. Khalanimo, ponyani masheya anu sabata ndi sabata.

Koma m'magulu ambiri mwalowa lamulo, lolembedwa kapena losalembedwa, lakuti membala aliyense ayenera kukongola, afune asafune, kuti ndalama zisagone m'bokosi. Ndinamva ndekha mayi wina wogulitsa zitumbuwa, amene anali atangomaliza kubweza ndi mavuto, mwana wake atadwala mwezi wathunthu, akuuzidwa ndi wapampando kuti, "Mayi, simungamangodya phindu la anzanu, tengani ngakhale K20,000." Anatenga, ndipo popeza geni yake ya zitumbuwa sikanatha kumeza mpamba wotere, ndalamayo inathera pa ndiwo ndi sopo, mwezi wotsatira n'kuyamba kusaka K24,000. Wapampandoyo sanali woipa mtima, ndipo mawu ake ali ndi chilungamo chake, pakuti phindu la gulu lichokeradi kwa okongola, ndipo mutu umodzi susenza denga. Komabe ndipempha magulu athu alingalirenso. Phindu lochokera kwa mayi amene wakongola popanda chochita nayo ndalamayo ndi phindu lodya mnzako wa m'gulu lomwelo, ndipo ndi ngongole zotere zimene zimathera pa kulandana ziwiya, kuthawa m'mudzi, ndi maukwati kugwedezeka. Kuli bwino kugawana zochepa mu December anthu akulonjeranabe. Gulu likhoza kupangana kuti womaliza kubweza apume mwezi umodzi kapena iwiri ngati afuna, ndi kuti wokongola anene pamaso pa anzake chimene akachite nayo ndalamayo, monga zinalili pachiyambi.

Momwemonso ndi ma SACCO, amene bungwe lawo lalikulu la MUSCCO lakhalapo kuyambira mu 1980: kumeneko munthu akongola molingana ndi masheya ake, ndipo akamaliza kubweza, masheyawo atsala ali ake, akubereka. Womaliza ngongole ku SACCO asatuluke, apitirize kusunga. Tsiku limene adzafune ngongole yeniyeni, ya chinthu chooneka ndi maso, adzalemba fomu, adzadikira komiti, ndipo kudikirako kudzamchitira zimene anandichitira mawu a mkazi wanga.

Sindikana kuti alipo anthu amene khadi la ngongole liwayenera. Wamalonda amene ndalama zake zizungulira sabata ndi sabata, amene aoda katundu lero nagulitsa mawa, ndipo chizolowezi chake n'chobweza zonse tsiku loikika lisanafike, kwa iye khadi ndi chida ngati sikelo. Koma munthu adziyese moona mtima, ndipo muyeso wake ndi wapafupi: ngati khadi lomwelo linakufikitsanipo pa ngongole imene yakutengerani chaka kuti muithe, mwadziwa kale kuti inu ndi khadilo mukhalitsana bwanji. Ndinamufunsa mwana wa mlongo wanga chimene anagula ndi ndalama zimene wakhala akubweza miyezi khumi ndi inayi. Anatchula foni, natchula suti ya pa ukwati wa mnzake, kenaka anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana moto, nati, "Zinazo malume sindikuzikumbuka." Sindinawonjezere mawu pamenepo.

Chimene ndinamulangiza n'chakuti kutseka kukhale kwa dongosolo, pakuti mlandu suwola, ndipo ngongole yotsala tambala imodzi ikhoza kukula mwakachetechete mpaka kudetsa dzina la munthu amene ayesa kuti anamaliza. Kudula khadi ndi lumo kunyumba sikutseka kanthu, akaunti ikhalabe yamoyo m'mabuku a banki ndipo ndalama ya pachaka ipitirira kuwerengedwa. Ndinati apite yekha, afunse ngati palibe chiwongoladzanja cha masiku omaliza chimene sichinalowe m'chiwerengero, alembe kalata yopempha kutseka, ndipo asachoke osalandira kalata yawo yodindidwa yonena kuti alibe nawo mangawa. Aonetsetsenso kuti lamulo lodula pa malipiro ake lafafanizidwa, ndipo patapita miyezi ingapo akafunse ku bungwe losunga mbiri ya okongola kuti aone ngati dzina lake lalembedwa moyenera. Wa kumudzi amene anapereka chikole, kaya ndi njinga, kaya makina, kaya kalata ya malo, achitenge tsiku lomwelo pamaso pa mboni zomwe zija zinalipo popereka, ndipo amene anamuimira ngati mboni auzidwe kuti wamasuka, pakuti nayenso wakhala akugona tulo ta nkhawa. Mwana wa mlongo wangayo ndinamuuzanso kuti akaunti yake yosungira ndalama ku banki yomweyo aisunge, ndipo ndalama ija inali kupita ku ngongole azipatula tsiku la malipiro lomwelo, isanafike m'thumba.

Anabwerera ku Limbe Lamulungu madzulo osandiuza chimene watsimikiza, ndipo ine sindinamufunse, pakuti ndi munthu wamkulu, ndipo malume alangiza, salamula pa thumba la mwana wa mlongo wake. Kumapeto kwa July anabweranso. Atalonjera, anapereka kwa mayi ake envulopu ya khaki, ndipo iwo, amene sawerenga Chingerezi, anandipatsa kuti ndiwawerengere. Inali kalata ya mizere inayi, ya chidindo chofiirira pansi pake. Nditamasulira, mlongo wanga anaipinda bwinobwino, nalowa nayo m'nyumba, nakaiika m'sutikesi ya pansi pa bedi, mmene musungidwa kalata ya ubatizo ya mwanayo ndi satifiketi yake ya Fomu 4. Potuluka anamuuza kuti Lachinayi likudzali gulu likumana, ndipo ngati afuna, iwo akhoza kumamuponyera masheya awiri sabata iliyonse m'dzina lawo, adzawerengerane mu December. Iye anatulutsa K4,000, nawapatsa ndi manja awiri.